Galimoto Yolavula Oyilo

Sikisi koloko m'mawa inawapeza Adalaivala atagwada kale pasimenti, akukwecha banga la oyilo ndi mchenga ndi sopo waufa. Galimoto anali ataikankhira kumbuyo pang'ono kuti banga lonse lioneke. Linali lalikulu kuposa ladzulo, lakuda bii, ndipo linali litayenderera mpaka kufupi ndi khomo la eni nyumba. M'nyumba mwawo munali zii. Amuna awo anali asanadzuke.

Dzina la Adalaivala poyamba silinali lawo. Linali la amuna awowo, amene anayendetsa magalimoto onyamula katundu mpaka imvi zinamera. Atapuma pantchito anagula galimoto yakale ya dizilo, yoyera koma yothimbirira, ndipo Loweruka lililonse ankaitsegula boneti ngakhale isanadwale. Akazi awo ankangowapatsira masipanala ndi kuchapa zisanza. Kenaka kunabwera matenda ofa ziwalo. Anawagwetsera abambowo m'bafa, n'kuwalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse kupatula amodzi. Akafuna madzi ankati "chabwino". Akamva ululu ankati "chabwino". Akakwiya ankati "chabwino" yemweyo, koma mitsempha ya m'khosi itatuluka.

Mayiwa anaphunzira kuyendetsa pa msinkhu woti anzawo akulera zidzukulu. Tsiku loyamba kutuluka pageti anakanda chitseko cha galimoto pachipilala, amayi amene ankayanika zovala n'kukuwa kuti, "Pang'onopang'ono, Adalaivala!" Dzina linasamuka choncho.

Galimotoyo inali ndi ntchito imodzi yeniyeni. Lachiwiri ndi Lachisanu inkanyamula abambowo kupita nawo kuchipatala cha kutsidya kwa tauni kukachita mafizo olimbitsa ziwalo. Maminibasi akaona chikuku cha wodwala saima. Masiku amenewo Adalaivala ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaveka malaya kuyambira dzanja lakufalo, kuwakankha mpaka pachitseko cha galimoto, kuwakumbatira m'chiuno n'kuwatembenuzira pampando, kenaka kupinda chikuku n'kuchikweza kubuti okha. Kuchipatala anamwino ankayamikira abambowo kuti ndi olimbikira. Zinali zoona. Chala chachikulu cha kuphazi chinali chitayamba kugwedera, ndipo bondo linkapindika pang'ono. Koma anachenjezanso kuti akayamba kujomba mwendo uumanso, ndipo malo awo apatsidwa kwa wina.

Ntchito zina zinkabwera zokha. Mwana akapsa ndi madzi otentha, kapena mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu a m'nyumba zoyandikana ankagogoda pawindo: "Galimoto yathu ilipo?" Ikadontha oyilo inkasanduka "chigalimoto cha Adalaivala". Iwo sankakana munthu, komanso sankapempha kanthu kwa munthu. Masabata oyamba a matenda anthu ankadzaza pabalaza, aliyense potuluka n'kumati, "Mukafuna thandizo munene." Mipando itayamba kukhala yokha, Adalaivala anaona kuti mawu amenewa ali ngati moni wa panjira, sadikira yankho lalitali.

Galimotoyo inkadontha kuyambira kale, koma timadontho tochepa chabe. Tsiku lina eni nyumba, bambo wokonda simenti yake kuposa anthu okhalapo, anaima pamwamba pa timadonthoto manja ali m'chiuno.

"Mayi, pano si pagalaja ayi. Mukafuna kupenta simenti mundiuze ndisankhe mtundu."

Madzulo ake Adalaivala anayala katoni n'kulowa pansi pa galimoto. Anapeza kapaipi karabala kochokera pamwamba pa injini, kolendewera pansi, kukamwa kwake kuli yasa, kakudontha. Kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akutseka mipopi yodontha ndi kusoka zong'ambika, nkhaniyo inali yosavuta. Anapota kasanza, n'kukakankhira m'kapaipimo, n'kumanga ndi waya. Kwa masiku angapo simenti inakhala yoyera, iwo n'kumayenda mopepuka.

Kenaka galimoto inayamba kulavula. Kachitsulo koyezera oyilo ankakapeza katatumphuka m'malo mwake, oyilo atamwazikira kunsi kwa boneti. Ankakabwezera, mawa lake n'kukapeza katatumphukanso. M'mbali mwa chivundikiro cha injini munayamba kunyowa. Pakati pa injini ndi giyabokosi panayamba kutsika oyilo, osati madontho koma kamzere. Za kasanza kaja sanaziganizenso, poti pamalo amene anatsekapo panali pouma gwa.

Anapita nayo kwa makaniko wa pakona. Iye anali pakati pa ntchito ya lole, choncho anangopukuta manja m'thalauza, n'kuwauza kuti asazimitse injini. Atangopotokola kachivundikiro ka pothirira oyilo, kanamudumphira m'manja, utsi n'kutuluka phwa phwa phwa ngati ketulo yowira.

"Mwaona, mayi? Umenewu ndi mpweya wothawira m'mbali mwa mapisitoni. Maring'i ozinga mapisitoniwo akatha, mphamvu ya moto imadutsira pansi n'kudzaza mmene mumakhala oyilo. Ikasowa kopita imakankha oyiloyo atuluke paliponse."

"Ndiye kuti yatha?"

"Injini yakale iliyonse imatulutsako kautsi, chimenecho si chachilendo. Koma ikamaphulitsa chonchi, ndipo munthu akaponda moto utsi n'kumawirikiza, ndiye kuti agogowa atopa. Apa n'kuphwasula injini yonse, apo ayi kuwapumitsa."

Mwini lole anamuitana, iye n'kubwerera.

Alamu awo, mng'ono wa amuna awo, anamva nkhaniyo Lamlungu atabwera kudzazonda. Anakhala mphepete mwa mpando, jekete osavula.

"Alamu, musadzizunze. Galimoto ikafa, achimwene tiwatenga apite kwa achemwali. Kumeneko manja ndi ambiri."

"Kumeneko kuli mafizo?"

"Kuli abale awo."

"Ine ndine ndani?"

"Aa, inunso! Ife tikukuchitirani chifundo. Mudzapumako."

Adalaivala anayang'ana kapu ya tiyi imene alamuwo anali atamwa theka. Anadziwa kuti kwa achemwaliwo abambo akawagoneka kuchipinda chakumapeto, akawadyetsa bwino ndithu, ndipo mwendo uja ukauma. Usiku wake mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anaimba foni n'kufunsa ngati akukwanitsa. "Tikukwanitsa," anatero.

Zonsezi amuna awo anali asanawauze. Galimoto inali yawo, ndipo munthu amene walandidwa zambiri sumuuza msanga kuti china chikupitanso. Koma m'mawa umenewu, atamaliza kukwecha, anaona kuti mawa ndi Lachisanu ndipo oyilo watsikanso pansi pa mzere. Analowa m'nyumba, anawadzutsa, anawasambitsa, anasintha nsalu ya pabedi n'kuiviika, anawamwetsa mankhwala. Kenaka m'malo mowaika pawindo monga mwa masiku onse, anawakankhira panja mpaka kutsogolo kwa galimoto.

"Bambo, mwana wanu uyu akudwala. Ndakubisirani, koma zandikulira."

Anatsegula boneti n'kuliza injini. Abambowo anaweramira kutsogolo. Maso awo, amene kawirikawiri ankangoyang'ana khoma, anayamba kuyenda. Anayang'ana kachitsulo kotumphuka kaja, kenaka m'mbali monyowa muja. Anatambasula dzanja lamanzere, n'kugwira kapaipi karabala pamene kamachokera, n'kukafinya. Kanali katafufuma. Anakatsata ndi zala kutsika nako mpaka pamene dzanja linalekeza, n'kuyamba kumenya chitsulo.

"Chabwino. Chabwino!"

"Kameneko musadandaule nako, ndinakakonza kale. Sikadonthanso."

Abambowo anawayang'anitsitsa.

"Ndinatsekamo kasanza. Eni nyumba ankadandaula."

Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Anawakodola kuti ayandikire. Adalaivala anawerama poganiza kuti akufuna awakonze pilo wa kumsana. Dzanja lamanzere lija, lodetsedwa ndi oyilo, linakwera n'kuwagwira mphuno, n'kuitsina, chikhatho n'kutseka pakamwa. Anawagwira choncho osasiya. Masaya a mayiwa anafufuma, maso n'kutuzuka, mpaka anadzikoka n'kupumira m'mwamba.

"Mufuna kundipha?"

Abambowo analoza injini ndi chibwano. Kenaka anafufumitsa tsaya lawo lamoyo n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono.

Adalaivala anaima duu. Kapaipi kaja sikanali kobooka. Kanali mphuno ya injini, ndipo timadontho tija tinali chabe thukuta la kupuma kwake. Anazimitsa galimoto, n'kukhala kaye pang'ono pampando woyendetsera, atagwira mphuno yawo. Inali nthawi yoyamba chiyambire matendawo kuti dzanja limenelo liwakhudze kumaso osati pofuna kugwirira kuti asagwe.

Ntchito yake inali yauve koma yosavuta. Anamasula waya, n'kusolola kasanza katasanduka phula. Kumbuyo kwake kunatsika zamatope zakuda, zonunkha, n'kuwagwera padzanja mpaka m'chigongono. Anavula kapaipi konse, n'kukaviika m'palafini m'chitini chakale cha penti, n'kumakapisa waya wokulunga nsalu mpaka kuwala kunaonekera mbali inayo. Abambowo anawalozeranso pamene kapaipiko kamalowera pachivundikiro. M'menemo munali kasefa kawaya katatsekeka ndi mwaye. Anakatsuka ndi mswachi wakale, n'kukaumitsa padzuwa. Pakati pa zonsezi anasamba m'manja kawiri, koyamba kuti awasunthire abambowo pamthunzi, kachiwiri kuti akachape nsalu ija isanayambe kununkha.

Atabwezera zonse analizanso injini. Anamasula kachivundikiro ka pothirira oyilo n'kungokasanjika pabowo, osakamanga. Kanayamba kunjenjemera, kakulira tiki tiki tiki, koma sikanadumphe. Kachitsulo koyezera kanakhala phee m'malo mwake.

Mtima unafuna kukondwa, koma mawu a makaniko anali akadali m'khutu. Injini inali ikungolira payokha, yosapondedwa. Mwina kasanza kanangowonjezera matenda amene analipo kale. Abambowo ankaganiza zomwezo, poti phazi lawo lamanzere linali likuponda ndi kusiya pachopondera cha chikuku.

Adalaivala analowa m'galimoto, anaponda moto, anasiya, n'kutuluka mothamanga.

"Zaoneka bwanji? Utsi wachuluka?"

"Chabwino."

"Chabwino wake uti, bambo? Wabwino kapena winayo?"

Abambowo anagwedeza mutu, koma chiyambire matendawo kuvomera ndi kukana zinkasokonekera, mutu unkapita kulikonse. Analoza pansi pa galimoto, kumene kapaipi kankatulutsira mpweya, kumene iwo sakanatha kuona ali pachikuku. Kenaka dzanja linagwera pamwendo. Anayang'ana kumbali.

Panafunika munthu wogona pansi kuti aone ndi maso ake, ndi wina woponda moto. Adalaivala anatola njerwa kuti aisanjike pachopondera. Abambowo anamenya chikuku mwamphamvu mpaka anaibwezera pansi. Mayiwa anaima pakati pa bwalo akupukuta manja, n'kuyang'ana zitseko zozungulira. Zambiri zinali zokhoma, eni ake atapita kuntchito. Chimodzi chokha, chakumapeto, chinali chotseguka, ndipo munkamveka makina osokera.

Anakanikiza miyala kumatayala, anakoka buleki yamanja, n'kuyenda mpaka pakhomopo.

"Odi, anzanga."

Makina anasiya. Atelala, mayi wonenepa wa magalasi olendewera pamphuno, anachotsa mapini kukamwa.

"Eee, Adalaivala pakhomo panga! Lero kugwa mvula. Kwagwanji? Abambo ali bwanji?"

"Ali bwino. Ali panjapo, akuyang'anira ntchito."

"Nanga mphunoyo mwaitani? Mwayamba kudya oyilo?"

Adalaivala anadzipukuta ndi kuseri kwa dzanja, n'kungowonjezera kuda. Atelala anaseka mpaka magalasi anatsetsereka.

"Khalani pansi ndikupatseni madzi."

"Ayi, sindikhala. Ndabwera kudzabwereka phazi lanu."

"Phazi langa? Muli nawo awiri."

"Onse ndikulowa nawo pansi pa galimoto. Ndikufuna munthu andipondere moto ine ndikuona utsi."

"Ine? Galimoto ndimangoikwera, amwali. Ndikagumula mpanda wa eni nyumba mudzandiyankhira?"

"Siyenda. Ndaichotsa giya, ndaika miyala. Inu tsiku lonse mumapalasa makina awa, phazi lanu likudziwa kufatsa kuposa langa."

Atelala anasuzumira panja. Anaona abambo aja ali pachikuku kutsogolo kwa boneti yotsegula, mutu uli pansi. Kuseka kunachepa.

"Utsiwo ukachuluka ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti mawa sitipita kuchipatala. Ndipo abale awo abwera kudzawatenga."

Atelala anayamba kufufuza nsapato ndi phazi pansi pa makina.

"Ndikakuwa kuti pondani, muponde pang'onopang'ono," anatero Adalaivala. "Ndikati siyani, musiye. Ndipo ndikatuluka pansipo osayankhula, musandifunse msanga, anzanga. Mungokhala nane kaye pang'ono."