Utoto Wobiriwira pa Mjigo wa Achimwene

Achimwene anga amakonza njinga, koma chimene ankanyadira kwambiri ndi mjigo umene anakumbitsa pakhomo pawo. Aliyense ankatunga ulere, iwo ali khale pabenchi, mano onse pamtunda.

Kenaka kunabwera anthu oyeza madzi. Anati m'madzimo muli poizoni wotchedwa aseniki, wochokera m'nthaka momwemo: saoneka, sanunkha, ngakhale uwiritse sachoka. Mjigo wathu anaupaka utoto wofiira. Wobiriwira, wosonyeza madzi abwino, anakapaka kwa mwini sitolo, amene mjigo wake ndi wakuya komanso uli mumpanda. Ndiye ife osaukafe tizikagogoda pageti ndi zigubu, galu akutiuwa. Zimandinyansa mpaka lero.

Achimwene anafota. Zikhatho zawo zinali zitatuluka kale njerewere zolimba chifukwa cha poizoniyo, ndipo anayamba kupereka moni manja ali m'thumba.

Mwana wawo wamkazi atapeza mwamuna, mantha anakula. Anthu ankati mtsikana wa pamjigo wofiira ndi wodwaladwala, ndipo ena zibwenzi zinali zitawathera choncho. Tsiku loti abale a mnyamatayo abwere kudzationa, ndinapeza mjigo uli biriwiri ndi utoto wa njinga.

"Achimwene, mwapenga?"

"Achemwali, lero lokha. Madzi akumwa ndakatunga kusitolo. Mwana wanga asachite manyazi chifukwa cha ine."

Ndinawalalatira, koma alendo anali atafika kale.

Zinkayenda bwino, kuseka ndithu. Kenaka mlongo wake wa mnyamatayo anadzuka ndi botolo la khanda lake, akuti akasungunulire mkaka. Anaona zobiriwirazo n'kuyamba kupopa.

Achimwene anayang'ana mwana wawo. Anayang'ananso botolo likudzaza.

"Mayi, tayani!"

Anatola sipanala n'kukanda pamjigo, kwee! Kufiira kunatulukira, aliyense akuona. Ine nkhope inatentha, ndinkafuna nthaka ingondimeza.

"Ndapaka ndine," anatero achimwene. "Ndinafuna kukunamizani."

Alendo anatsanzika mwaulemu wozizira. Bambo a mnyamatayo anatambasula dzanja mwamwambo chabe, ndipo achimwene anazengereza. Mwana wawo wamkazi uja ndi amene anawatulutsa dzanja m'thumba, misozi ili chuchuchu.

"Liperekeni, ababa. Aone zonse."

Bamboyo anayang'ana chikhathocho, n'kungogwira nsonga za zala. Yankho lawo pa za ukwati tikulidikirabe, ndipo achimwene anapakanso okha utoto wofiira.