Ndinabisala m'Pemphero

Masiku a chipani chimodzi, famu ina ku Chongwe inachotsa anzathu ntchito mwadzidzidzi, popanda notisi. Ine ndinatsala. Lamulo ndinkalidziwa bwino, pakuti ndinali wa yuniyoni, ndiponso mkulu wa mpingo.

Ba Tembo, amene tinkakama nawo ng'ombe, anandigwira dzanja pageti, pamene iwo ndi anzawo ochotsedwawo anasonkhana. "Ba mkulu, tikambileniko. Ana nizabadyesa chani?"

Ndinaona manijala wa famuyo ataima pamodzi ndi tcheyamani wa chipani. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Abale, tiyeni tipemphere." Ndinapemphera motalika, mokoma, nditatsinzina kwambiri kuti ndisaone nkhope ya munthu. Za notisi sindinatchule, ngakhale kwa Mulungu, Ambuye andikhululukire.

Nditamaliza, manijala yekha ndiye anati ameni. Ba Tembo anali atafika kale kumsewu, mphasa ili pamutu.