Miyala Imene Ndinapaka Laimu

"Inu abambo, kufunsa kumakupwetekani pati? Mwamuphera mwana sukulu!"

Anali mkazi wanga ameneyo, ataima pakhonde ndi katoni yopanda kanthu. Ine burashi ili m'manja, laimu mpaka m'zigongono. Ndinayankha momwe ndimayankhira masiku onse, mokweza: pakhomo pano ndi panga, ndipo mwala ndi mwala.

Loweruka la sabata imeneyo kunali chinkhoswe cha mwana wathu wachiwiri, akuchimuna ochokera ku Mdeka. Kuno ku Lirangwe alendo otere suwalandirira pabwalo losakonza. Umasesa, n'kundandalika miyala m'mbali mwa njira, n'kuipaka laimu. Itandithera miyala pafupi ndi khomo, ndinakumbukira katoni ya mwana wathu wamkazi woyamba, amene amaphunzira za miyala ku yunivesite yakunja. Katoniyo ndinaisenza ndekha ku bwalo la ndege ku Chileka, komwe ndimagwira ntchito yaulonda, msana mpaka kudandaula.

Nditamasula mapepala okulungira ndinapeza miyala yopindika ngati nyanga ya nkhosa yamphongo, ya mizere yosalala bwino. Ndinati zokongola chonchi zizibisala kuchipinda? Akuchimuna azione. Ndinaiyala pakhomo penipeni, n'kuipaka kuti ifanane ndi inzake. Mapepala aja ndinatentha pamodzi ndi zinyalala.

Mwini miyalayo anali atapita ku Blantyre ndi mng'ono wake kukagula nsalu. Anatipeza ine ndi mayi ake tikadakangana. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinandilasa. Anagwada, natola mwala umodzi.

"Ababa, mukudziwa kuti ichi chinali chamoyo?"

"Chamoyo chanji? Nkhono?"

Anandifotokozera ali chigwadire. Zinali nyama za m'nyanja yamchere, za mikono yambiri, zokhala m'zigoba, ndipo zinatha anthu asanakhaleko. Anakazikumba yekha ku Mozambique, kwawo kwa agogo anga, kuyambira pansi pa phompho kukwera m'mwamba. Anati kunali mkulu wina wophunzira, anamwalira kale, amene anathera moyo wake pa zigoba zomwezi. Iyeyo anaonetsa kuti mizere yake imasintha ukamakwera, moti wopeza chigoba amadziwa msinkhu wa thanthwe lonse. Aphunzitsi a mwana wangayo, ndi amene anaphunzitsa aphunzitsi akewo, onse amayenda m'mapazi a mkuluyo.

"Koma ukapanda kudziwika pomwe unachokera, ndiye mwala ndi mwala, monga mwanenera. Uliwonse ndinaulemba nambala ndi inki. Manambalawo ali pansi pa laimu wanuyu. Akafufutika, ntchito ya zaka ziwiri yapita."

"Basi zomwezo? Tandipatsani burashi ya waya, tithane nazo pompano."

Anandigwira pamkono. Chibadwire anali asanandigwirepo choncho.

"Waya ayi, ababa. Madzi ndi mswachi wofewa. Mwina."

Mawu akuti "mwina" aja anandikwiyitsa kuposa kukalipa kwa mayi ake. Ndinazungulira kuseri, n'kumenya theche ndowa ya laimu, chala n'kutupa. Mkwiyo wanga ndimaudziwa, umakula ndikakhala wolakwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kwa anzanga pageti kuti mwana wanga amakwera ndege zimene ife timangozilondera. Koma tsiku ndi limodzi lomwe ndinali ndisanamufunse kuti kodi m'miyalamo amafunamo chiyani.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita pamsika pa Lirangwe, n'kudikira kuti golosale atsegule. Ndinagula miswachi itatu ya ana. Wogulitsa anafunsa ngati kwabwera zidzukulu, ndinamuuza kuti agulitse katundu, mafunso awasiye.

Ndinazula miyala ija pakhomo, n'kusiya mipata ngati mano a nkhalamba. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni la madzi, magalasi pamphuno. Mwala woyamba unanditengera mpaka dzuwa kufika paliwombo. Laimu ankachoka pang'onopang'ono, madzi kuyera ngati mkaka, kenako panatulukira kamzere kakuda. Ndinapitiriza kutsuka. Kamzere kena, n'kenanso. Ndinaitana mwana wanga uja.

"Iwe, tabwera uwerenge. Maso angawa sindiwakhulupirira."

Anabwera ndi kope lake, nayang'ana pamwala, nayang'ana m'kope, nagwedeza mutu kuvomera. Kenako anakhala pambali panga, natenga mswachi wachiwiri.

"Koma mukukanikiza kwambiri, ababa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe. Ndinatsekanso, n'kutola mwala wina.