Zikhomo ziwiri ndi chingwe

Dzulo ndimamasula thumba la feteleza, ndipo ulusi wake utandikola m'zala ndinakumbukira bambo anga. Iwo ankapota ulusi wa matumba a feteleza wa makuponi n'kupanga chingwe choyezera mizere ya fodya kwathu ku Chulu.

Ndili Fomu 2, tsiku lina masana ndinakhala m'chigafa ndi kope la masamu. Aphunzitsi anatipatsa 2x + 3y = 6 kuti tipeze pamene mzerewo ukudula mzere wa x ndi wa y, kenaka tiujambule. Ndinafufuta mpaka pepala linabooka. Bambo anasuzumira, manja ali bii ndi utomoni wa fodya.

"Mzere wowongoka suvuta, mwanawe. Khoma chikhomo m'malire uku, china m'malire uko, ukoke chingwe."

"Awa ndi masamu, si mizere ya fodya," ndinatero. "Inu sukulu munalekera Sitandade 3."

Bambo anabwerera kukasoka fodya wawo.

M'mawa mwake aphunzitsi analemba funso lomwelo pabolodi. "x akakhala ziro, y ndi 2. y akakhala ziro, x ndi 3." Anaika kadontho pa mzere woima, kena pa mzere wogona. Rula yaikulu inali itasowa, ndiye anatulutsa chingwe m'thumba n'kuchipaka choko.

"Iwe, bwera ugwire uku," anatero akundiloza. "Kwanu mumalima fodya, za zikhomo ziwiri ukuzidziwa bwino."

Ndinapanikiza nsonga ya chingwe pa 3 paja, maso ali pansi.