Tsiku Limene Tinanyamula Bambo pa Chitseko

Bambo anga sanali munthu wa tchalitchi. Anali a gule wamkulu, ndipo mayi akamapita ku Misa iwo ankatsala akusema mipini pansi pa mtengo wa mango. Chaka china anadzitema ndi khasu m'munda wa mpunga ku Bwanje. Mwendo unatupa ngati mtondo, kenako unayamba kununkha, koma za chipatala anakanitsitsa.

"Kumeneko akadula mwendo," ankatero. "Ine m'manda ndikalowa wathunthu."

Mayi anaitana a mphakati kuti adzawapempherere. Potuluka, mayi wina wa pakamwa posasoka anati, "Nanga pemphero lingagwire bwanji pa munthu wosakhulupirira?" Mayi anga analira tsiku lonse, poti kwa iwo mawuwo ankatanthauza kuti bambo afa basi. Inenso mantha anandigwira.

Sabata imeneyo ndine ndinkawerenga Uthenga Wabwino ku mphakati, ndipo tinali pa nkhani ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamutsitsira padenga. Nkhaniyi ndinaimva kuyambira ndili mwana, koma tsikulo chinachake chinandikola. Wodwalayo sanayankhule chilichonse. Chikhulupiriro chimene Ambuye anaona chinali cha onyamula aja. Ine chibadwire sinditha kugona ndi funso, choncho ndinalondola akatekisiti.

"Kodi munthu angachire pa chikhulupiriro chobwereka?"

Anakanda m'mutu. "Mwana wanga, pamenepo palembedwa choncho ndithu. Koma usanditengere patali."

Ine zimenezo zinandikwanira. M'mawa mwake ndinauza amuna anga kuti azule chitseko, tinyamulirepo bambo kupita nawo kuchipatala. Mvula inali itadula msewu wa kumudzi kwathu, ngolo sikanadutsa, ndipo pa njinga bambo sakanakhazikika. Onyamula anapezeka anayi: amuna anga, anzawo a bambo awiri a kugule, ndi Msilamu wina woyandikana nafe, wogulitsa usipa. Anawanyamula thupi lili moto, akutukwana ndi timawu tofooka.

Dzuwa litakula, ntchentche zinayamba kuwavutitsa bambo, ndiye ndinawafunditsa chitenje kuyambira kumapazi mpaka kumaso. Apa m'pamene ndinalakwa. Taganizani: amuna anayi ali duu, munthu wofundidwa ali pamapewa, ife akazi tikutsatira pambuyo mitu ili pansi. Pa mjigo woyamba amayi anatula zidebe n'kuyamba kulira. Okwera njinga ankatsika, abambo ankavula zipewa.

Tikuyandikira ku Golomoti, agogo ena anagwira mayi pamkono.

"Pepani, anzanga. Atisiya nthawi yanji?"

Chitenje chija chinauluka.

"Wamwalira ndani?" anakuwa bambo. Agogowo anathawa n'kusiya ndodo. "Anyamata inu, ponyani miyendo! Kandisiyeni kuchipatalako, anthuwa angandikwirire ndili moyo!"

Mayi ankaseka misozi ili mbwembwembwe. Kanali koyamba kuti bambo atchule chipatala ndi pakamwa pawo. Pamsewu wa tala tinakwera minibasi mpaka kuchipatala cha ku Mua. Anakhalako masabata angapo, anasiyako zala ziwiri za kuphazi, koma mwendo anabwera nawo.

Mpaka lero sindidziwa kuti chinagwira ntchito ndi chikhulupiriro cha yani. Mayi amati ndi kolona yawo. Msilamu uja ankangoti, "Alhamdulillah, Mulungu ndi wamkulu." Amuna anga amati ndi mapewa awo, ndipo sachedwa kundikumbutsa tikayambana. Anamwino amene ankatsuka balalo tsiku ndi tsiku sindinawafunse, koma nawonso ndimawawerengera.

Bambo ndiwo ndinawafunsa, atayamba kuyenda ndi ndodo.

"Kodi muli pachitseko paja, munkakhulupirira kuti muchira?"

"Ine ayi," anatero. "Ndinali nditatsanzika kale mumtima. Koma ndinkamva mmene anzanga aja ankapumira wefuwefu pansi panga, m'matope muja, osanditula. Ndiye ndinachita manyazi kufa."