Manja a Tsutomu

Mlongo wanga Tsutomu anabadwa ndi manja osamvera. Mutu unali bwinobwino, koma kumanga zingwe za nsapato, kulemba, kudya ndi timitengo tiwiri monga timadyera kwathu kuno, zonse zinkamukanika. Aphunzitsi ankati ndi ulesi. Bambo anamumenya zala mpaka anatopa.

Amayi okha ndiwo sanatope. Dokotala wina wa mumzinda wa Sendai anawauza kuti vutoli lili ndi dzina: ubongo ndi manja sizigwirizana, ndipo ana otere sasowa m'kalasi iliyonse. Amayi atafunsa za thandizo, dokotalayo anangopukusa mutu. Kuyambira pamenepo, akangomva kuti yunivesite ina ikufufuza za ana, ankakwera naye sitima. Kufika kumeneko, kulemba mafomu, kenako wina ankawerama mwaulemu n'kunena kuti ndalama zomwe alandira ndi za kafukufuku wa vuto lina la ubongo lotchedwa otizimu, mwana wawoyu sakukwanamo. Ine zinkandiwawa koopsa. Ana a otizimu ndilibe nawo chifukwa, nawonso akuvutika, koma ife tinalakwanji kuti vuto lathu lisowe mwini?

Tsutomu anakula, n'kupeza ntchito yolondera njinga pasiteshoni. Ankadya ndi supuni atafulatira anzake.

Amayi atadwala mwakayakaya, iye za imfa sanatchule. Anagula nyemba n'kumazitola ndi timitengo m'mawa uliwonse, miyezi inayi yathunthu, ali kale munthu wa imvi. Ankadziwa kuti pamwambo wathu mtembo ukawotchedwa, abale timatola mafupa, anthu awiri kugwira fupa limodzi, aliyense ndi timitengo take, n'kuliika mumtsuko. Ankafuna kunyamula amayi ake osawagwetsa.

Tsiku la maliro tinaima moyang'anizana, ine ndi iye, abale onse atatizungulira. Tinagwira kafupa ka kuphazi. Kanapulumuka n'kugwera pathireyi. Tinayesanso, kanagwanso. Amalume anatsokomola n'kuyamba kukankhira mwana wawo kutsogolo kuti alowe m'malo mwa Tsutomu.

Tsutomu anandinong'oneza, thukuta lili kamukamu. "Achemwali, panani nokha mwamphamvu. Ine ndingogunditsako timitengo tangati."

Ndinatero. Ndinanyamula ndekha, iye akungotsatira dzanja langa, mpaka fupa linalowa mumtsuko. Amalume anamusisita pamsana, ati wachita chamuna, amayi ake apita okondwa. Iye anawerama n'kuthokoza.

Tikutuluka anandipatsa mtsuko uja kuti ndinyamule ine, poopa kuugwetsa pamasitepe. Anayenda pambali panga manja ali m'thumba.

"Amayi sindinawamve n'komwe m'manjamu, Achemwali," anatero. "Kodi amalemera?"