Laibulale Imene Inanditsekera Kunja

Ndinalowa yunivesite ndili mayi wamkulu kale, nditaphunzitsa ana a pulayimale ku Katowo zaka zambiri. Kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. Kuyunivesiteko tinkapitako patchuthi, masabata ochepa chabe, kenako n'kubwerera kumakalasi athu.

Sabata yachiwiri aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yolemba za mmene ana amaphunzirira kuwerenga. "Mabuku a pashelefu ndi akale," anatero. "Atsopano onse ali mulaibulale ya pa intaneti. Mukafufuze mmenemo."

Masana ndinapita kuchipinda cha makompyuta. Anzanga achichepere ankangogogoda mabatani osayang'ana n'komwe zala zawo. Ndinasankha mpando wapakona. Mayi wina wogwira ntchito mulaibulale anandipatsa kapepala kolembedwa nambala yanga ndi mawu achinsinsi olowera.

"Mungolemba zimenezi, amama, zitseguka."

"Yewo chomene," ndinathokoza m'Chitumbuka ngati ndamvetsa.

Atangochoka, ndinayamba kulemba. Chilembo chilichonse ndinkachisakasaka ndi chala chimodzi, koma pagalasi pankangotuluka timadontho takuda m'malo mwa zimene ndalemba. Ndinaganiza kuti ndaononga makina a eni ake. Ndinafufuta n'kuyambiranso. Nditalakwitsa kachitatu, panatuluka mawu ofiira akuti anditsekera.

Mayi uja anali padesiki pake, pafupi pomwepo, koma sindinapite kukamufunsa. Ine amene ndimauza ana tsiku ndi tsiku kuti kufunsa si kupusa! Ndinakhala pamenepo ola lathunthu nditaphimba galasilo ndi kope langa kuti wina asaone, kenako ndinatuluka mwakachetechete.

Mawa lake ndinafika pakhomo n'kubwerera. Tsiku linalo chimodzimodzi. Ndikangomva phokoso la mabatani lija, ndinkatembenuka n'kuchoka.

Tchuthi chitatha ndinakwera pikapu kubwerera ku Katowo. Amuna anga anandibwereka foni yawo, ndipo Loweruka ndinakwera chulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwirako. Tsamba la laibulale linatseguka pang'onopang'ono, n'kundiuza zomwe zija: ndatsekeredwa, ndikaonane ndi a laibulale. A laibulalewo anali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo Lolemba ana ankandidikira.

Ntchitoyo ndinailemba pogwiritsa ntchito manotsi anga akale a kukoleji ya uphunzitsi, pamodzi ndi zimene ndaona ndekha m'kalasi. Ndinaikapo mtima wanga wonse. Itabwerera, pansi pake panali mzere umodzi: "Maganizo ndi abwino, koma mwawerenga chiyani? Mulembenso."

Amuna anga anandipeza nditakhala pakhonde, pepalalo lili pamiyendo.

"Zayenda bwanji, amayi?"

"Akuti ndilembenso."

"Ndiye lembaninso. Inu kulemba kumakuvutani ngati?"

Ankanena ndi mtima wabwino, akundinyadira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere, koma sindinadziwe poyambira. Ndinangoti, "Chabwino," n'kulipinda pepalalo.